Mafunso a Awerengi: Tibzale Maluwa Oyanga Kapena a Zitsamba?

Makalata ambiri mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo pafupifupi onse akuzungulira pa maluwa oyanga ndi maluwa a zitsamba. Mayina tawasiya monga amawatchulira ogulitsa mbande, popeza ambiri mwa maluwawa ndi obwera, ndipo mukakafunsa ku nazale adzakumvani ndi mayina omwewa.

Akonzi, talowa kumene m'nyumba yathu pa boma la Dedza. Khonde lidayang'ana kumadzulo, ndiye ikangokwana 2 koloko dzuwa limalowa mpaka pabalaza. Bambo a kunyumba akuti tibzale boganiviliya ayange pakhondepo, ine ndikufuna hibiscus. Kuchoka pakhonde kufika kumpanda ndi mamita 4 okha. Tiweruzeni. — Mayi wa pa boma, Dedza

Mayi, pa nkhani ya mthunzi bambo alondola, koma duwa asankhalo si la pakhonde.

Chitsamba ngati hibiscus chimadya malo pansi. Chikakula chimatambalala mita ndi theka, ndipo kuti chifike mamita 2 pamapita zaka ziwiri kapena zitatu, makamaka kwanuko kozizira. Chikafika pamenepo dzuwa la 2 koloko limadutsabe pamwamba pake. Duwa loyanga limangofuna dzenje limodzi ndi pokwera, ndipo dzinja lachiwiri likamatha limakhala litatchinga kuyambira pansi mpaka kudenga. Vuto lake ndi ntchito. Chitsamba mukachiiwala chaka chathunthu chimangosaoneka bwino basi. Choyanga mukachiiwala chimalowa pansi pa malata, masamba ake amaunjikana padenga n'kumasunga chinyontho, dzimbiri n'kuyamba, ndipo china chimakafika pa waya wa magetsi wolowa m'nyumba.

Boganiviliya sadzigwira yekha. Alibe tizingwe tokolera, amangoponya nthambi zazitali n'kumakola ndi minga, choncho nthambi iliyonse muyenera kuimanga. Mingayo ndi yaitali ndi yolimba, imaboola patapata, ndipo pakhonde ndi pamene ana amasewerera. Akakula amalemeranso kwambiri, moti mvula yamphepo ya mu Januwale imamugwetsa pamodzi ndi chomwe watsamira. Malo ake ndi kumpanda.

Pakhonde sankhani pakati pa atatu awa. Golden shower amakula msanga kuposa onse, amadzikola yekha ndi tizingwe take, alibe minga, ndipo amatulutsa maluwa a olenji ngati moto nthawi yozizira, cha mu Juni mpaka Ogasiti, pamene pabwalo pali mbuu. Petrea, wa masamba okhakhala ngati sandipepala, amachedwa kuyamba koma salowerera, ndipo maluwa ake ofiirira mobiriwira amabwera cha mu Seputembala ndi Okutobala. Jasmine wa timaluwa toyera tonunkhira amakonda kuzizira kwa pa boma, pomwe ndi pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, koma amakonda kusonkhana pamwamba n'kusiya pansi pali mbee. Poti vuto lanu ndi dzuwa lolowa cham'mbali, ife tikadatenga golden shower.

Pokwera pake pakhale payekha, posakhudza nyumba. Zikani mizati iwiri kapena itatu ya bulugamu yothiridwa mankhwala a chiswe, yonenepa masentimita 10 mpaka 12, yaitali mamita 3, ndipo masentimita 60 alowe pansi. Italikirane mamita awiri ndi theka, ndipo mzere wake ukhale mita imodzi kuchoka pakhonde. Kokani waya wosachita dzimbiri mizere yopingasa, kusiya masentimita 40 pakati pa mzere ndi unzake. Waya wam'mwamba akhale theka la mita kutali ndi malata, kuti mphukira ikafuna kulumphira kudenga muione n'kuidula. Nsungwi ndi mapaini osathira mankhwala musavutike nazo: chiswe chimazimaliza duwa litangofika pokongola, ndipo kusintha mzati duwa lili pamwamba ndi ntchito yowawa.

Dzenje likhale masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya. Dothi lapamwamba lisakanizeni ndi ndowa imodzi ya malita 20 ya manyowa owola bwino ndi timabokosi ta machesi tiwiri ta D Compound, yemwe alimi a kachewere amamudziwa, n'kubwezera m'dzenjemo. Bzalani mvula itakhazikika, kuyambira pakati pa Disembala mpaka Januwale. Mbande ziwiri zikwana khonde lonse. Nthambi zoyamba musazilole kuthamangira kumwamba, zigonekeni pa waya wam'munsi, chifukwa nthambi yogona imaphukira m'mfundo zake zonse ndipo ndi imene imatseka pansi. Maluwa akatha mu Seputembala, dulirani mosanyengerera.

Hibiscus wanu musamutaye. Mubzaleni chakumpanda, mita imodzi kuchoka pakhoma, ndipo muzimudulira mu Ogasiti chifukwa amamasula pa nthambi zatsopano. Duwa lake likafota tsiku lomwelo musadandaule, ndi chibadwa chake.

Boganiviliya wanga watha zaka zitatu. Ndi wobiriwira bwino, nthambi zake zonenepa, koma maluwa ayi. Ndimathirira tsiku lililonse ndipo ndimamuikira Urea wotsala kumunda. Wa kwa aneba sasamalidwa n'komwe koma ali psuu. Ndalakwa pati? — Bambo wa ku Kampepuza, Ntcheu

Bambo, mwamulera ngati chimanga. Urea ndi nayitirojeni yekhayekha, magawo 46 pa 100 alionse, ndipo ntchito yake ndi kubereketsa masamba. Boganiviliya adachokera ku South America, ndipo amamasula akaona chilala. Akamadya ndi kumwa tsiku ndi tsiku amangoponya nthambi zazitali za minga ikuluikulu, zomwe sizibala kanthu. Wa anebawo akukongola chifukwa cha kusasamalidwako.

Siyiranitu Urea ndi CAN, ndipo manyowa a nkhuku asafikepo. Mvula ikatha mu Epulo musamuthirirenso. Wa zaka zitatu mizu yake idapita pansi, safa. Mukaona masamba alefuka m'mawa, osati masana okha, m'patseni ndowa imodzi n'kudikiranso kuti alefuke. Onaninso ngati madzi ochapira kapena a kubafa sakuyenderera kumizu yake, chifukwa zikatero ndiye kuti akumwabe ngakhale inu mwasiya.

Nthambi zazitalizo musazidule zonse. Zina zipindeni zigone chopingasa n'kuzimanga pa waya, kuti zitulutse tinthambi tatifupi m'mbali, poti maluwa amabwera pa timeneto. Kudulira kwenikweni kumachitika maluwa akangotha. Amene amameta ndi chikwanje mwezi ndi mwezi kuti aoneke wosalala amakhala akudula maluwa asanabadwe.

Simunatiuze malo amene adabzalidwapo. Amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa. Ngati ali pansi pa mango kapena kuseri kwa khoma loyang'ana kummwera, komwe miyezi yozizira dzuwa silifika, ngakhale mumuumitse chotani adzangoti apa duwa apo duwa. Kumuzula n'kovuta poti mizu yake ndi yosachedwa kuthyoka, ndiye bola kudulako nthambi za mtengo womuphimbawo.

Zomwe timazitcha maluwa pa boganiviliya ndi masamba a mtundu chabe. Duwa lenileni ndi kanthu kakang'ono koyera kali pakati pa masamba atatu a mtunduwo.

Hydrangea amene ndidapatsidwa anali wa buluu. Kwathu kuno wasanduka wa pinki, ndipo masana amafota ngakhale ndathirira. Ali m'mbali mwa khitchini. Kodi adandipatsa mtundu wina? — Mayi wa ku Bembeke

Ndi yemweyo, mayi. Hydrangea amatenga mtundu kuchokera m'dothi. Dothi likakhala la asidi, pH yake (muyeso wa asidi m'dothi) yosafika 5.5, mizu imayamwa aluminiyamu wa m'dothimo ndipo duwa limakhala la buluu. pH ikakwera kufika cha pa 6.5, aluminiyamuyo amamangika, duwa n'kukhala la pinki. Woyera yekha ndiye sasintha.

Mwatchula khitchini, ndiye tikukayikira phulusa. Phulusa limapha asidi m'dothi monga imachitira laimu. Zinyalala za simenti zomwe amisiri amakwirira m'mbali mwa maziko zimachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake hydrangea wotsamira khoma nthawi zambiri amakhala wa pinki pamene mnzake wa pakati pa bwalo ali wa buluu. Lekani kutayirapo phulusa ndi madzi a sopo. Phimbirani ndi masamba a paini owola, omwe kwanuko sasowa. Feteleza wa fosifeti wambiri, monga D Compound, musamuike, popeza fosifeti naye amamanga aluminiyamu. M'malo mwake ikani theka la kabokosi ka machesi ka Sulphate of Ammonia pa chitsamba chilichonse kawiri m'dzinja, pa dothi lonyowa, motalikira tsinde. Musayembekeze kusintha chaka chomwecho, ndipo chaka choyamba maluwa angatuluke a mtundu wapakatikati. Ngati pansipo padzaza simenti, kumusamutsa mu Julayi n'kwachangu kuposa kulimbana ndi dothilo.

Kufota masana n'chifukwa cha masamba ake aakulu, omwe amataya madzi msanga kuposa momwe mizu ingatungire. Ngati madzulo akudzuka, sakudwala. Malo omuyenera ndi kummawa kwa nyumba, kolandira dzuwa la m'mawa n'kukhala pamthunzi masana. Mu Seputembala ndi Okutobala amafuna ndowa yathunthu kawiri kapena katatu pa sabata, choncho amene amatunga madzi kutali aganize kawiri asanabzale mzere wonse.

Podulira mu Julayi, dulani nthambi zokhazo zimene zidabala maluwa, pamwamba pa maso awiri otupa. Zomwe sizidabale zisiyeni, ndizo zidzamasule pa Khirisimasi. Mukamumeta yense mpaka pansi, chaka chimenecho mudzakolola masamba.

Ndidagula mbande za hydrangea ndi jasmine ku Dedza n'kukabzala kwathu. Hydrangea adapsa mu Okutobala, jasmine alipo koma samasula. Chonsecho ndi boma limodzi. — Mphunzitsi wa ku Golomoti

Boma ndi limodzi, aphunzitsi, koma mukatsika phiri lija mwasiya pafupifupi kilomita yathunthu ya kutalika kumbuyo. Golomoti, Mtakataka, Sharpevale ndi chigwa chonse cha Bwanje ndi dziko lotentha, pamene Bembeke, Lizulu ndi Tsangano ndi dziko la majuzi. Jasmine ameneyo amadikira usiku wozizira kuti apange maluwa, ndipo kwanuko sakuupeza mokwanira. Hydrangea, azalea ndi fuchsia asiyireni akumtunda.

Musadandaule, poti okongola ena ali bwino kwanuko kuposa kumtunda. Boganiviliya wa mitundu yonse, woyera, wa olenji ndi wofiira, amamasula mothithikana kunyanja, pamene kumtunda amene amapirira bwino chisanu ndi wofiirira wamba uja. Pa oyanga onjezani allamanda wa maluwa achikasu, koma utomoni wake ndi woyabwa ndipo ana asaulawe. Pa zitsamba pali ixora, hibiscus ndi plumbago wa timaluwa ta buluu wotuwa, yemwe akagwira safunanso kheni. Ngati dothi lanu ndi la makande, losunga madzi m'dzinja n'kung'aluka m'chilimwe, musabzale m'dzenje lotsika. Unjikani kachulu kotalika masentimita 20 mpaka 30, kosakaniza ndi mchenga ndi manyowa, kuti tsinde lisakhale m'madzi mu Febuluwale. Phimbirani ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde chifukwa cha chiswe.

Apongozi anga akuti ndichotse maluwa oyanga onse chifukwa amaitana njoka. Ndi zoona? — Mtengwa wa ku Lobi

Apongozi aonapo kanthu, musawatsutse pagulu. Njoka sinunkhiza maluwa, imatsata chakudya ndi pobisala: makoswe, abuluzi, achule ndi zisa za mbalame. Choyanga chimene chatha zaka chosaduliridwa chimakhala chobiriwira kunja kokha, m'kati muli nthambi zouma ndi zinyalala, ndipo makoswe amamangamo. Chitsamba chogwa mpaka pansi chimasunganso zomwezo.

Chaka chilichonse chotsani zouma za m'kati, ndipo kuyambira pansi kufika m'mawondo pakhale poyera poti munthu n'kuona mbali inayo. Nthambi isakhudze zenera, denga, nkhokwe kapena khola la nkhuku. Milu ya njerwa ndi nkhuni ichoke pafupi. Mukatero pitani mukawaonetse apongoziwo.

Ndikufuna kuchulukitsa maluwa ndekha kuti ndizigulitsa mbande pamsika. Timitengo ta hibiscus timagwira, koma ta boganiviliya ndi petrea timangoda n'kuwola. Ndithandizeni njira yake. — Mnyamata wa ku Lizulu

Achimwene, kuwola kumachokera kutatu: dothi lonona, madzi ochuluka, ndi kuzizira. Kamtengo kopanda mizu sikadya, ndiye manyowa m'chubu amangodyetsa tizilombo toolesa. Sakanizani magawo awiri a mchenga wa kumtsinje ndi gawo limodzi la dothi losefa, popanda manyowa kapena feteleza, ndipo machubu akhale oboola pansi.

Kwa boganiviliya tengani nthambi yokhwima, ya khungu lotuwa, yonenepa ngati pensulo kapena chala chaching'ono. Nsonga zanthete zobiriwira ndizo zikukuderanizo. Dulani masentimita 20 mpaka 25, pakhale mfundo zinayi kapena zisanu. Kumunsi dulani mopingasa pansi penipeni pa mfundo, kumtunda dulani mopendeka. Kudula kosiyanaku kumathandiza kuti musazike chadodolido mukakhala ndi timitengo tambiri, ndipo kozikidwa chadodolido sikamera. Chotsani masamba onse kusiya awiri apamwamba, ndipo awiriwo muwadule pakati. Boolani ndi kamtengo kena musanazike, kuti khungu lisasupuke, ndipo mfundo ziwiri zilowe pansi. Ufa wothandiza kutulutsa mizu, wopezeka m'masitolo ena a zaulimi, umathandiza kwambiri pa boganiviliya: nyikani kumunsiko n'kukutumula wotsala. Hibiscus ndi plumbago amagwira popanda ufawo.

Ikani machubu pamthunzi wowala, pansi pa chisakasa cha udzu, n'kuwafunditsa pepala lapulasitiki loonekera lokhala pa timitengo topinda. Thirirani kamodzi mokwanira, kenako muzingoyesa ndi chala. Ngati mchenga ukadali wonyowa, kheni ibwerere. Tsegulani pepalalo kanthawi m'mawa uliwonse kuti mpweya usinthe.

Ku Lizulu musazike mu Juni ndi Julayi. Mchenga umakhala wozizira, kamtengo kamangokhala osachita kanthu mpaka kuwola. Yambani kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala. Hibiscus amatulutsa mizu pa masabata 6 mpaka 8, boganiviliya amatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ngakhale mutachita zonse bwino ena amakana, choncho zikani ochuluka kuposa amene mukufuna. Masamba atsopano asakunamizeni, poti kamtengo kamatha kuphukira ndi chakudya cha m'thupi mwake mizu kulibe. Dikirani muone mizu yoyera pa mabowo a chubu. Kuzula kuti muone ndi kupha.

Petrea ndi jasmine musawadule n'komwe. Pindani nthambi yaitali ifike pansi, palani khungu pang'ono pansi pa mfundo, kwirirani pamenepo m'chubu kapena m'dothi n'kutsindika ndi mwala, nsonga itulukire kunja. Nthambiyo imayamwabe kwa make mpaka itapanga mizu yake, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi mukhoza kuilekanitsa. Hydrangea ndi wosiyana ndi onsewa: amafuna nsonga zanthete zopanda duwa, za m'dzinja, ndipo pa mwezi umodzi amakhala atagwira.

Ogula muziwauza kuti chubu cha boganiviliya amachita kuching'amba ndi lezala, osasolola mbande.

Tikufuna mpanda wamaluwa kuzungulira nyumba, koma mbuzi zikamasulidwa anthu akakolola zimadya chilichonse. Ena akuti tibzale lantana kapena oleander poti mbuzi sizidya. — Banja la ku Nsipe, Ntcheu

Awiriwo ayi. Lantana, chitsamba cha timinga ndi timaluwa tosakaniza pinki, chikasu ndi olenji, amafalitsidwa ndi mbalame ndipo akalowa m'dambo kapena m'malo odyetsera ziweto satuluka. Ng'ombe ikamudya amaononga chiwindi, ndipo khungu la malo oyera limasupuka ndi dzuwa. Oleander ndi poizoni thupi lonse: masamba, maluwa, utomoni, ngakhale utsi wake. Nthambi zake ndi zowongoka bwino, ndipo mwana akhoza kuthyola kuti apange mpani wa mbewa kapena wootchera nyama. Mnzake wa maluwa achikasu ndi masamba owonda, wobala zipatso zokhala ndi njere yolimba, ndi woopsa chimodzimodzi. Pakhomo pa ana ndi ziweto zimenezi zisapezeke.

Kunena zoona, duwa lokongola lomwe mbuzi ya mu Okutobala ingalisiye likadali laling'ono n'losowa. Hibiscus ndiye ndiwo yake yeniyeni. Chimene chimatheka ndi kuteteza zaka ziwiri zoyamba. Apa ndi pamene boganiviliya amaposa zitsamba zonse: mubzaleni motalikirana mita ndi theka, kokani mizere itatu ya waya pa mizati, ndipo nthambi zake muzizigoneka ndi kuzilukanitsa m'mawayamo. Kunja kwake mangani mpanda wa udzu kapena wa minga. Akakhwima, mbuzi zimangobudula nsonga zakunja koma kudutsa sizingathe, ndipo munthu wolumpha usiku amaganiza kawiri. M'lifupi mumulole mita imodzi yokha, mukamulekerera adzadya njira ndi malire a aneba, n'kubala milandu.

M'kati mwa mpandawo ndi momwe mungaike hibiscus, plumbago ndi Cape honeysuckle wa maluwa ofiira ngati malipenga, amene mbalame zoyamwa maluwa zimamukonda. Awiri omalizawa amatulutsa ana kuchokera pansi, ndiye chaka ndi chaka dulani ndi khasu opitirira mzere. Nkhadze imatchinga bwino, koma utomoni wake ukagwera m'maso ndi nkhani ya kuchipatala, choncho isakhale mbali yosewerera ana.

Poinsettia wanga mbali imodzi amafiira, mbali yoyang'ana kunyumba amakhala wobiriwira. Walodzedwa? — Agogo a ku Linthipe

Sadalodzedwe, agogo. Yang'anani babu la panja. Poinsettia, yemwe kwawo ndi ku Mexico, amafiira usiku ukatalika, n'chifukwa chake kuno amakongola mu Meyi, Juni ndi Julayi pamene ku Ulaya ndi duwa la Khirisimasi. Amafuna mdima wosadukiza wa maola 12 kapena kuposa kwa miyezi pafupifupi iwiri, ndipo kuwala kwa babu limodzi, ngakhale la sola, kumakwana kusokoneza mbali yomwe kukufika. Kuyambira mu Malichi tembenuzani babulo kapena litchingeni ndi kachidutswa ka lata mbali ya duwalo.

Akayoyola masamba mu Ogasiti, adzukulu amudule mpaka m'mawondo, atavala mapepala apulasitiki m'manja chifukwa cha utomoni. Mphukira zikafika masentimita 30 azibudula nsonga kuti achite nthambi zambiri, koma kubudulako kuthere mu Febuluwale.